Mwambi ukayambidwa ku Phalombe, adzaumalize ndani?

Akuluakulu athu sakonda kumaliza mwambi. Gogo akaona mdzukulu wake watengeka mtima ndi mnyamata wa nsapato zonyezimira amene wangofika kumene kuchokera ku Joni, amangoti, "Mwanawe, chikomekome cha mkuyu..." n'kukhala chete. Mbali yotsalayo amasiyira womvera. Ngati mwanayo anakula akumva mawu amenewa, nyerere za m'kati mwa mkuyuwo amaziona yekha, ndipo uphungu umalowa popanda wina kuchita manyazi. Nanga ngati sanaumvepo mwambiwo? Amangoyang'ana gogo wakeyo n'kudabwa kuti nkhani ya mkuyu yabwera bwanji pamene akukamba za chibwenzi. Gogo wayankhula, mdzukulu wamva mawu onse, koma palibe chimene chadutsa pakati pawo.

Funso lathu lagona pamenepo. Pitani pa Migowi, pa Chiringa kapena pa boma penipeni, muitane anyamata a kabaza amene akudikira makasitomala pansi pa mtengo, kapena atsikana amene angoweruka kusukulu. Yambani kuti, "Safunsa..." Ndi angati amene angafike pa phula? Nenani kuti, "Mapanga awiri..." kapena "Khoswe akakhala pa mkhate..." Ndi angati amene angamalize, ndipo mwa omalizawo, ndi angati amene angakuuzeni nthawi yoyenera kunena mawu otere? Fuulani kuti "Ndagi!" mumve ngati "Gize!" angabwere ndi mphamvu imene ankabwera nayo kale. Aliyense ayese yekha kunyumba kwake usiku uno, adzionere.

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu okhuta. Ife tikuti ayi. Mwambi ndi chida chogwirira ntchito, monga khasu ndi chikwanje. Pabwalo la milandu, mfumu ikafuna kudzudzula munthu wamkulu popanda kumuvula ulemu, imatola mwambi. Ankhoswe akamakonza banja limene latsala pang'ono kupasuka, sanena poyera kuti uje ndi wachimasomaso. Amazungulira ndi mkuluwiko, wolakwayo n'kudzimvera yekha. Pamaliro, mawu akuti "chaona mnzako chapita" amakumbutsa mudzi wonse udindo wake popanda kutchula dzina la amene sanabwere kudzakumba manda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 429,000 m'boma la Phalombe, ndipo m'dziko lonse oposa theka anali osakwana zaka 18. Mwa ana amenewa ndi mmene mudzachokere mafumu, ankhoswe, anamkungwi ndi akulu a mpingo a mawa. Adzaweruza ndi mawu ati? Adzalangiza ndi chiyani? Kodi bwalo limene mawu ake onse ndi olunjika ngati mkondo lidzatha kuyanjanitsa anthu?

Tisaiwale kuti kuwonjezera pa miyambi ya pakamwa, Chichewa chili ndi mabuku akeake amene anaumba mibadwo. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, buku limene linapambana pa mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa ndipo linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira, T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ntara yemweyo anatisiyiranso Mbiri ya Achewa. John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe. E. J. Chadza anatipatsa Ntchito ya Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu. S. A. Paliani analemba Sewero la Mlandu wa Nkhanga, P. P. Litete analemba Mkwatibwi Wokhumudwa, ndipo Willie Zingani anabwera ndi Njala Bwana. Amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akamva maina amenewa amamwetulira ngati akumana ndi mnzawo wa kuubwana. Kodi mwana wa Fomu 3 lero angatchule angati mwa mabukuwa asanayambe kukanda m'mutu?

Taonani chinthu china. Olemba athu ankakonda kutenga theka la mwambi n'kulisandutsa mutu wa buku. Zingani anangoti Madzi Akatayika, podziwa kuti wowerenga aliyense amaliza yekha mumtima kuti saoleka. Jolly Max Ntaba anatcha buku lake Ikakuona Litsiro Sikata, osatchula n'komwe mvula. Ndakatulo zimene anasonkhanitsa Enoch Timpunza Mvula zinatchedwa Akoma Akagonera, ndipo panalibe wofunsa kuti akoma akagonerawo ndi chiyani, chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndi mawu a akuluakulu. Mlembi ndi wowerenga ankamwa pachitsime chimodzi. Kodi mlembi wa lero angayerekeze kuchita zomwezo osaopa kuti buku lake lioneka ngati mutu wake unaduka popita kosindikiza?

Nthano nazo zinali ndi anthu ake amene dzina lawo lokha linkakwana kulangiza munthu. Mayi akauza ana ake kuti, "Pakhomo pano sindifuna Gwenembe," ankadziwa kuti atchula nsanje imene inaphetsa mbale, ndiponso mbalame imene inakana kubisa mlandu. Mwana wofooka thupi amene sachedwa kudwala akanyowa ankamuseka kuti ndi Kamdothi. Wadyera anali Fisi, wochenjeretsa anzake anali Kalulu, wodekha amene amafika ngakhale mochedwa anali Kamba. Dzina limodzi linkanyamula nkhani yonse ya usiku wathunthu. Lero mukamutcha mnyamata Gwenembe, kodi sakuyesani kuti mwamusokoneza ndi wosewera mpira wina wake?

Vuto limeneli si lathu lokha. Ku Russia anthu amanyadira kwambiri olemba awo akale, moti ali ndi dzina la mawu ochokera m'mabuku amene analowa m'kamwa mwa anthu wamba: amati ndi mawu a mapiko, chifukwa anauluka kuchoka papepala n'kukatera pamsika. Ivan Krylov analemba nthano za nyama zofanana ndi zathu za Kalulu ndi Fisi, ndipo ziganizo zake zambiri zinasanduka miyambi. Sewero lotchuka la Alexander Griboyedov, la m'zaka za m'ma 1820, linachitanso chimodzimodzi. Ana a sukulu kumeneko amaloweza pamtima ndakatulo za Alexander Pushkin, ndipo tsiku lake lobadwa, 6 June, ndi tsiku lokumbukira chilankhulo cha Chirasha. Komabe nakonso makolo ndi aphunzitsi amadandaula kuti achinyamata sakuzindikiranso mawu amene agogo awo ankangowatchula theka. Tsono ngati akudandaula anthu amene ali ndi nyumba za mabuku m'mizinda yawo, ziboliboli za alakatuli m'misewu ndi mabuku osindikizidwa mobwerezabwereza, ife amene buku limodzi timagawana anthu angapo tiyembekezere chiyani?

Pa nkhani ya Pushkin pali mfundo ina yofunika kwa ife. Mlakatuli ameneyu, amene agogo a mayi ake, Abram Gannibal, anali munthu wochokera kuno ku Africa, anakulira m'banja la olemera limene linkakonda kuyankhula Chifalansa. Nthano zambiri za Chirasha anazimva kwa mlezi wake, Arina Rodionovna, mayi wa kumudzi wosaphunzira sukulu. Munthu amene lero amamutcha tate wa zolembalemba za dziko lake anamwa nzeru kwa mayi wofanana ndi agogo athu a kwa Nazombe, kwa Jenala ndi kwa Chiwalo. Kodi ife agogo oterewa timawapatsa mpata woyankhula, kapena timangowakumbukira tikafuna wotisungira ana popita ku ganyu?

Tisathamangire kunena kuti ana a masiku ano mitu yawo ndi yobowoka. Mwana yemweyo amene walephera kumaliza mwambi angakutchulireni osewera onse a Bullets ndi Wanderers, n'kuwonjezerapo a Arsenal ndi Manchester United, aliyense ndi nambala ya jezi yake. Nyimbo yotuluka Lolemba, pofika Lachisanu aimba yonse osaphonya liwu. Mawu oseketsa a omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amaonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo pa malo a malonda, ana amawabwereza panjira yopita kumjigo. Ndakatulo za Robert Chiwamba ndi alakatuli anzake zimayenda pa WhatsApp ndi pa wailesi, ndipo achinyamata ambiri amazilakatula pamtima. Kutchalitchi, mwana wa zaka khumi amaima kutsogolo n'kunena mavesi a m'Buku Lopatulika, lomwe Chinyanja chake ndi cha 1922, osagwira pepala. Kumadrasa, mnzake amaloweza ma sura m'Chiarabu, chilankhulo chimene sayankhula kunyumba. Ndiye vuto ndi mutu wa mwana kapena ndi chimene tikuthiramo?

Yankho lake ndi lowawa koma losavuta. Mutu umasunga chimene khutu likumva kawirikawiri. Vesi limakhala chifukwa limabwerezedwa sabata ndi sabata, pali wolifunsa, pali woombera m'manja. Nyimbo imakhala chifukwa ikulira m'minibasi, m'golosale ndi pa foni. Mwambi ndi nthano zinkakhala chifukwa zinkamveka madzulo aliwonse, pamoto, pamtondo, padambwe, kuchinamwali ndi pabwalo. Zikasiya kumveka zimafota, monga njira ya kumunda imene anthu asiya kuipita. Choncho mlanduwu tisausenzetse ana. Tiyeni tifunse amene anali ndi udindo wobwereza.

Tiyambe ndi ife makolo. Ndi liti pamene munakhala pansi ndi ana anu n'kuyamba kuti "Padangokhala," iwo n'kuvomera kuti "Tili tonse"? Tikudziwa kuti moyo wa ku Phalombe ndi wothamanga. Bambo ali ku Chilwa kukasaka matemba, kapena awoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambique, kapena ali ku Joni. Mayi abwera kumunda atatopa, nandolo ndi mpendadzuwa zikudikira wogula amene akupereka mtengo wolira nawo. Koma agogo athu sankatopa kodi? Sankalima ndi khasu lomweli? Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankakhulupirira kuti nthano ndi gawo la kulera mwana, pamene ife tinayamba kuziona ngati zachikale. Ndi makolo angati amene amasangalala mwana akalankhula Chingerezi chothyokathyoka, koma akaponya mwambi amamuuza kuti akuyankhula ngati nkhalamba? Ndipo foni ikalowa m'nyumba madzulo, aliyense n'kuweramira yake, amene anaigula ndani?

Tifunsenso sukulu. Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo chimaphunzitsidwa ndi kulembedwa pa mayeso a MANEB. Nthondo yemwe uja wakhala ali pa mndandanda wa mabuku a MSCE. Nanga n'chifukwa chiyani ophunzira ambiri amatuluka Fomu 4 opanda chiganizo ngakhale chimodzi cha m'mabukuwa chimene chinawakhala pamtima? Kodi si chifukwa chakuti ambiri sawerenga buku lenilenilo, amangoloweza manotsi onena kuti mtengambali wamkulu ndi uje, phunziro la nkhaniyi ndi lakuti? Manotsi angakhozetse mayeso, koma sangaseketse munthu kapena kumuliritsa, ndipo chimene sichinakukhudze sungachikumbukire. Buku likakhala limodzi pa gulu la ana, likatsekeredwa mu ofesi kuopa kuti lingabedwe, likabwezedwa tsiku lomaliza mayeso, lidzalowa bwanji m'moyo wa mwana?

Pali zinanso zimene ana amaona ngakhale sitiwauza. Amadziwa kuti munthu sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, pamene kulephera Chichewa sikutseka khomo lililonse. Amadziwa kuti lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Ambiri analawapo chilango cholima kapena kusesa chifukwa chogwidwa akulankhula Chichewa pabwalo la sukulu. Sitikutsutsa Chingerezi; mwana wa ku Phalombe akuchifuna kuti akapikisane ndi anzake ku Zomba, ku Lilongwe ndi kunja. Koma kodi mungamulange mwana m'mawa chifukwa cholankhula chilankhulo chake, masana n'kumuuza kuti akonde ndakatulo za m'chilankhulo chomwecho? Iye akhulupirira phunziro liti, la m'kalasi kapena la khasu la chilango?

Osindikiza ndi ogulitsa mabuku nawo ayankhe. Munthu wa ku Nambazo kapena ku Chitekesa amene ali ndi ndalama m'thumba ndipo akufuna Kukula ndi Mwambo, alowere kuti? Akwere galimoto mpaka ku Limbe, ndipo akafika kumeneko akalipeza? Kale Popular Publications, eni magazini ya Moni, ankatulutsa timabuku ta nthano ta mtengo wotsika timene tinkayenda m'manja mwa anthu mpaka chikuto kuthothoka. Malemu Bambo Joseph Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2,000 ya Chinyanja m'buku limodzi. A Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha. Benedicto Wokomaatani Malunga, kuwonjezera pa ndakatulo zake, anamasulira buku lotchuka la Chinua Achebe n'kulitcha Chipasupasu. Ntchito inagwiridwa, nkhokwe ilipo. Koma nkhokwe imene ili ku Zomba ndi ku Blantyre ingathetse bwanji njala ya mwana wa kuseri kwa phiri la Michesi? Ngati nyimbo imafika m'mudzi uliwonse pa memori khadi, n'chiyani chikuletsa kuti mabukuwa, mogwirizana ndi eni ake, awerengedwe mokweza, ajambulidwe, ayende njira yomweyo?

Tikulankhula za Phalombe mwadala, chifukwa boma lino likudziwa kale mmene chilankhulo chimathera. Anthu ambiri kuno ndi Alhomwe, amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri akuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwira ntchito m'minda ya azungu pansi pa thangata. Atafika anapatsidwa dzina lachipongwe, ndipo zinatengera khama la anthu monga Lewis Bandawe, amene anagwiranso ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, kuti boma la atsamunda lisiye kugwiritsa ntchito dzinalo m'zaka za m'ma 1940. Koma manyazi anali atalowa kale. Makolo ambiri anasankha kulankhula ndi ana awo m'Chinyanja kuti asamasekedwe kusukulu ndi kuntchito. Panalibe lamulo loletsa mayi kuimbira mwana wake m'Chilhomwe. Chinangosiya kumveka m'nyumba zambiri, pang'onopang'ono, mpaka mbadwo wina unadzuka ukumva koma osatha kuyankha, wotsatira wake osamva n'komwe.

Kodi miyambi ya Chilhomwe inapita kuti? Nthano zake, zilape zake, mawu a anamkungwi ake, zili ndi ndani lero? Mulhako wa Alhomwe, umene unakhazikitsidwa m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, umasonkhanitsa khamu la anthu kwa Chonde m'boma la Mulanje chaka ndi chaka mu October. Gule wa Tchopa analembedwa ndi UNESCO mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Zonsezi ndi zonyaditsa. Koma ng'oma zikaleka, kalongonda atatha, nsalu za chikondwerero zitapindidwa, ndi achinyamata angati amene angacheze ndi gogo wawo m'Chilhomwe kwa mphindi zisanu? Ndi angati amene akamva nyimbo za Allan Namoko amatola zonse zimene woimbayo ankaphiphiritsa? Ndipo ngati tinataya nkhokwe yoyamba posinthanitsa ndi Chichewa, lero n'kumatayanso zakuya za Chichewacho pothamangira Chingerezi chimene ambiri sitichifikira bwino, titsala ndi chiyani m'manja? Akuluakulu aja anati mapanga awiri avumbwitsa. Nanga atatu?

Komabe pali dzina limodzi lakale limene mwana aliyense wa ku Phalombe amalidziwa popanda manotsi: Napolo. Makolo ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikamasamuka chimagumula miyala ndi kukokolola midzi. Anthu a ku Zomba anachiona mu December 1946, ndipo a Paseli Brothers anaimba nyimbo imene inafalitsa dzinali m'dziko lonse. Steve Chimombo analitenga n'kumangapo ndakatulo zake zotchuka. Pa 10 March 1991 phiri la Michesi linatsegula, madzi, matope ndi miyala zinatsika, anthu mazanamazana anafa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anabwerezanso, ndipo dera la Nkhulambe linali limodzi mwa madera amene anavulala koposa. Lero mukangoti "Napolo," mwana wa Sitandade 4 amadziwa kuti mukunena chiyani, amadziwa koyang'ana mvula ikagwa masiku atatu osaleka. Akatswiri amafotokoza za nthaka yokhuta madzi ndi mapiri ometedwa mitengo, ndipo akunena zoona. Koma liwu limene limadzutsa mudzi usiku ndi lakale lija.

N'chifukwa chiyani Napolo sanaiwalike pamene Gwenembe akuzimirira? Chifukwa dzinali likugwirabe ntchito. Limatchulidwa, limabwerezedwa, limalongosola chinthu chimene anthu akuchiona ndi maso. Phunziro lake ndi lomwelo: mawu akale amakhala ndi moyo ngati akuluakulu akuwagwiritsa ntchito pa zinthu za lero. Kodi nsanje ya pachibale inatha kuti Gwenembe apume? Pitani kubwalo la mfumu iliyonse mukamve milandu ya malo ndi ya chuma cha masiye. Kodi achinyamata anasiya kuchoka pamudzi kukasaka moyo kutali, n'kukakumana ndi zokhoma, monga anachitira Nthondo? Funsani amene akubwerera kuchokera ku South Africa chimanjamanja. Kodi atsikana anasiya kunamizidwa ndi chikomekome? Nkhanizi zikadali zathu. Chasowa ndi munthu woti aloze n'kunena kuti, "Mwaona? Izi ndi zija analemba Ntara."

Achinyamata ali ndi yankho lawo, ndipo tiyenera kulimva. Amati tsobola wakale sawawa. Amati mabuku akalewo ndi odzaza ulaliki, kuti mkazi m'menemo ntchito yake ndi kugwada ndi kupirira, kuti miyambi ina inkagwiritsidwa ntchito potseka ana pakamwa. Pena akunena zoona. Mabuku ambiri oyambirira anadutsa m'manja mwa amishoni, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1968, bungwe lounika zofalitsa linkasefa chilichonse chosindikizidwa, moti olemba ankayenda mosamala. Koma taonani: pokana zakale, mnyamatayo wagwiritsa ntchito mwambi wakale. Kutsutsana ndi makolo kumakoma ukamadziwa zimene ananena. Amene wawerenga Kukula ndi Mwambo angathe kuima n'kunena kuti apa Gwengwe ananena zoona, apa nthawi yamupitirira. Amene sanaliwerenge akukana chiyani? Ndipo alakatuli ndi oimba achinyamata amene akufuna kuti ntchito yawo idzakhalitse, adzamanga pa maziko ati ngati sadziwa amene anayamba kukumba?

Nanga tichite chiyani? Zambiri sizifuna thandizo la mabungwe akunja. Mphunzitsi wa Chichewa angathe kupatula mphindi khumi pa sabata n'kuwerenga mokweza tsamba limodzi la buku lenileni, ndi mawu okoma, osafunsa mafunso a mayeso pambuyo pake. Sukulu zoyandikana zimene zimakumana pa mpira ndi ntchemberembaye zingathe kukumananso pa mpikisano womaliza miyambi, kuphera ndagi ndi kulakatula pamtima. Koleji yophunzitsa aphunzitsi imene ili m'boma lino ingathe kutuma ophunzira ake m'midzi yozungulira kuti akajambule pa foni nthano ndi miyambi ya Chichewa ndi ya Chilhomwe kwa okalamba amene akadali moyo. Wailesi za m'madera zingapereke theka la ola madzulo kwa gogo wodziwa kusimba. Mipingo ndi mizikiti, imene yaonetsa kale kuti imadziwa kuphunzitsa ana kuloweza, ingatsegule zitseko zake Loweruka masana. Kodi pa zonsezi n'chiti chimene chikudikira ndalama za ku Capital Hill?

Mafumu athu, kuyambira anyakwawa mpaka a Kaduya, a Mkhumba, a Nkhulambe ndi anzawo, inu ndinu osunga mawu. Mukamaweruza, kodi achinyamata amakhala pafupi kuti amve mmene mwambi umagwetsera mlandu, kapena amathamangitsidwa kuti izi n'za akuluakulu? Aphungu ndi makhansala, pa ndalama za chitukuko za m'madera anu, simungapezeko kabati imodzi ya mabuku a Chichewa pa sukulu iliyonse ya sekondale yoyendera, mabuku oti mwana abwereke n'kupita nawo kunyumba? Buku lowerengedwa pakhonde limamvedwa ndi banja lonse, ngakhale amene sanapite kusukulu. A unduna wa maphunziro, kodi cholinga cha phunziro la Chichewa ndi kudzaza mapepala a mayeso, kapena kutulutsa munthu amene angaime pamaliro a amalume ake n'kuyankhula mawu ogwira mtima?

Ndipo inu achinyamata a ku Phalombe, foni imene ili m'manja mwanuyo ili ndi chojambulira mawu. Agogo anu sadzakhala pakhondepo mpaka kale. Aliyense wokalamba amene tikumuperekeza kumanda akupita ndi miyambi, nthano ndi mawu a Chilhomwe amene mwina palibenso wina akuwadziwa. Khalani nawo pansi, afunseni, jambulani, tumizirani anzanu monga mumatumizirana nyimbo. Musaope kuoneka osadziwa. Paja safunsa uja mukudziwa chimene anadya, ndipo ngati simukudziwa, limenelo likhale funso lanu loyamba.

Makolo, mlanduwu wayambira pakhomo pathu ndipo uthera pomwepo. Usiku uno nsima ikatha, zimitsani wailesi, ikani foni pambali, muyambe mwambi umodzi n'kuusiya panjira. Mwana akaumaliza, muyamikireni. Akalephera, musamukalipire, pakuti sanabadwe nawo. Muphunzitseni, ndipo mawa mudzamufunsenso.